Kumanzere kwa a Kalinde

A Dominiko Kalinde a ku Kadewere anabwerako ku Joni mu 1974 ndi wayilesi, njinga ndi diso lagalasi. Wayilesi ndi njinga anaonetsa mudzi wonse. Za disolo anatseka pakamwa.

Kamwala kanawathudzula diso la kumanzere pansi pa mgodi. Madokotala a kumeneko analichotsa n'kuikamo lagalasi, lofanana ndi linzake moti wongodutsa sakanadziwa. Koma kumudzi anali atasiya chibwenzi, Idesi, ndipo ankaopa kuti akamva za diso limodzi awakana. Tsono anabisa. Anakwatirana, iwo n'kumabisabe. Disolo ankalitsukira kubafa, uku akuimba mokweza kuti wina asalowe. Amuna ife nthawi zina timapusa ndithu. Munthu wogona naye mphasa imodzi ungamubise chiyani?

Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo, ndipo dandaulo lawo linali limodzi: mkazi wolongolola. Idesi sankachoka kumanzere kwawo. Popita ku Misa ku Nguludi, iye kumanzere. Pakhonde, kumanzere. Munthu akangotulukira mbali imeneyo, ankafuula:

"Ee, a Goliati, mwatipeza! Bambo a Chisoni, a Goliati awa."

"Ndawaona kale, iwe! Ukuyesa ndilibe maso?"

"Pepani, bambo." Mawa lake n'kuchitanso zomwezo.

Idesi anamwalira mu 1991 atadwala pang'ono chabe. Maliro atatha, a Kalinde anabwerera pansi pa mango paja. M'mawa wina akumanga masipoko a njinga anamva munthu akutsokomola. Atatembenuza mutu anapeza mnzawo Goliati uja atakhala pamwala kumanzere kwawo, chipewa chili m'manja.

"Ndafika kalekale, achimwene. Ndimayesa simukufuna kulankhula."

A Kalinde anaika sipanala pansi. Anakumbukira kuti chiyambire tsiku lomwe anatsika basi pochokera ku Joni, Idesi sanawapatsirepo kanthu kumanzere. Ngakhale kapu ya madzi, ankazungulira kukaiika kumanja. Zinawapweteka koopsa, chifukwa zaka zonsezo ankakalipira munthu amene ankawaonera, ndipo zikomo sananenepo.

"Ankadziwa," anatero motsitsa mawu. "Mayi a Chisoni ankadziwa."

A Goliati sanamvetse. Anangoona misozi ikutsika m'maso onse awiri, ndi m'lagalasi momwe.