Agogo Odziwa Zidindo za Mfuti

Agogo achizungu amene ndimawasamalira ku Bilston, kuno kwa azungu, amasunga timfuti ta asilikali a ku Germany ta pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Timfuti tonseti anatitseka, sitiwomba. Anthu amachokera mpaka ku Coventry kudzawaonetsa mfuti zawo. Iwo amatenga galasi lokulitsa zinthu, n'kusuzumira kachidindo ka chiwombankhanga kochepa ngati njere ya mpunga, basi agamula: iyi ndi yeniyeni, iyi anadinda dzana ndi akathyali. Mawu awo sasintha: “Chinthu chilichonse chili ndi chizindikiro chake, bola kuyang'anitsitsa.”

Sabata yatha mnzanga wa pantchito, Dorica wa ku Chipata, anaona chikwama chachikopa cha mfuti chitatuwa. Kwathu chikopa chotuwa n'chochititsa manyazi, ndiye anachipaka polishi wa nsapato mpaka chidindo chinakwiririka. Ine pofika pa shifiti yanga, agogo anandilandira ndi ukali.

“Dorica, wandiwonongera chuma!”

“Agogo, ine ndine Esnath.”

“Aaa, ndingakusiyanitseni bwanji?”

Zoona? Dorica ndi wamtali, woyera. Ine ndine wamfupi, ndipo pachipumi ndili ndi chipsera chachikulu kuposa kachiwombankhanga kawo kaja. Tsiku ndi tsiku ndimawasambitsa, nkhope yanga ili pamphuno pawo penipeni.