Timapepala Tachikasu ta Bambo Ruane

A Malachy Ruane sankaphonya maliro. Anagwira ntchito kufakitale ya nyama kuno ku Kilmorran zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo nthawi yonseyo munthu akamwalira m'parishi muno, ngakhale amene anayambana naye, iwo ankafika pasiwa, kugwira chanza anamfedwa mmodzimmodzi, n'kumwa tiyi ali chilili kukhitchini. Ankakonda kunena kuti munthu amayezedwa ndi mapazi amene aponda m'nyumba mwake tsiku la maliro. Ati bambo awo atamwalira mzere wa odzapepesa unakafika pamlatho, ndipo kapeti ya pabalaza anachita kuitaya. Nkhaniyi ankaikamba monyadira, ngati mmene ena amakambira za mwana wawo wa ku yunivesite.

Fakitale itatsekedwa anali atapitirira zaka makumi asanu. Ndalama zimene anawapatsa potsanzikana anagulira makina ochapira makapeti ndi vani yoyera yakalekale. Apa m'pamene ndinayamba kuwaonera pafupi. Ine ndimagwira ntchito m'sitolo ya mayi Geraghty, momwe timagulitsa nyuzipepala ndi zolembera, ndipo kuchipinda chakumbuyo kuli makina osindikizira. Mayi Geraghty amandisiya kumbuyoko chifukwa ndikaima pakauntala mawu amandithawa.

Anabwera mu Sepitembala ndi akazi awo, mayi Dympna, atalemba maganizo awo otsatsira bizinesiyo kuseri kwa envelopu. Anakangana pamaso panga ngati ine ndine kabati. Za nyuzipepala ya m'boma lathu, mayi Dympna anati anthu amangoiyala pansi pa mbale ya galu. Wailesi inali yodula. Za Facebook a Malachy anakana okha, ati sangajambule litsiro la m'nyumba za eni n'kumalionetsa dziko. Chimene mtima wawo unkafuna chinali dzina lawo pamalaya a timu ya mpira ya parishi.

“Anyamata amenewo sanawineko zaka zinayi,” anatero mayi Dympna. “Ukufuna dzina lako lizigubuduzika m'matope Lamulungu lililonse?”

“Matopewo ndiye chakudya changa tsopano, mayi.”

“Ndiye udya wekha.”

Pamapeto pake anagwirizana zolemba dzina ndi nambala ya foni pavani, ndi kusindikiza timapepala zikwi ziwiri toponya m'makomo. Anandifunsa za mtundu. Ndinati wachikasu, chifukwa umaonekera patali ukagwera pachopondera cha pakhomo pakati pa makalata oyera.

Anayenda milungu itatu, khomo ndi khomo, kulowetsa kapepala pakabowo ka makalata. Foni inalira kanayi. Mmodzi anali atalakwitsa nambala, wina ankadandaula kuti asiya geti yake pululu galu n'kutuluka. Ndinkawaona masana atakhala m'vani pafupi ndi tchalitchi, akudya buledi wa m'pepala, foni ili pabondo.

Zinthu zinasintha mu Novembala. Mayi Tuohy, amene amuna awo anali atangoikidwa kumene, anawaitana. Mvula inali itagwa masiku onse atatu a maliro, ndipo anthu mazana anayi anali atadutsa pabalaza ndi nsapato za kukhola. A Malachy anachapa tsiku lonse, kapeti n'kubwerera mwakale. Mayi Tuohy anauza mchemwali wawo, mchemwaliyo n'kuuza ena. Kuyambira pamenepo, wailesi ikamawerenga mauthenga a maliro nthawi ya naini m'mawa, a Malachy ankamvera ali ndi pensulo. Kuno aliyense amamvera mauthengawo, choncho panalibe chachilendo. Ankadikira sabata, kenako n'kukaponya kapepala. Palibe anadandaula. Ena ankachita kuthokoza.

Chinawasokoneza ndi mawu a mayi wina amene ankamuchapira. Akuti anaima pakhomo la pabalaza n'kunena kuti bwenzi atabwera maliro asanachitike, chifukwa iye anachita manyazi parishi yonse ikuona banga la vinyo pafupi ndi pamoto. A Malachy anabwera kusitolo mawa lake maso akuwala. Ankafuna timapepala tatsopano, tonena kuti akhoza kufika mwamsanga, koma mawu ake sankawapeza. Analemba, kufufuta, kulembanso. Ine ndinayankhula motsitsa, ndikuyang'ana makina, kuti mwina tilembe kuti: Tibwera lero lomwe, alendo asanafike.

Ndinkaganiza za alendo a pa Khirisimasi. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, “Mwana iwe Nessa, uli ndi mutu.” Ndivomere, ndinasangalala. Si kawirikawiri munthu kundiuza zotero.

Podziwa kokaponya sanavutike. Pa Misa ya Lamulungu wansembe amatchula mayina a odwala kuti tiwapempherere. Ndiye pali kagalimoto kabuluu ka namwino amene amayendera anthu omwe achipatala awabweza kuti akathere kwawo. Aliyense amakadziwa, ndipo aliyense akakaona pakhomo la mnzake amayang'ana kumbali. A Malachy anasiya kuyang'ana kumbali. M'tchalitchi ndimakhala mabenchi awiri kumbuyo kwawo, ndipo ndinkaona milomo yawo ikugwedera mayina akamatchulidwa. Wina akanati akupemphera.

Sanali munthu wouma mtima. Ankakhulupirira ndithu kuti akuchotsa anthu manyazi. Mayi Dympna anawachenjeza tsiku lina m'sitolo momwemo, akudikira mtolo wachiwiri.

“Dikira aitane okha, Malachy.”

“Panthawi ngati imeneyo ndani ali ndi mutu wokumbukira kapeti? Ndikuwakumbutsa chabe.”

“Ndicho ndikunenacho,” anatero mayiwo, n'kutuluka kukadikira m'vani.

Poyamba zinali nthabwala. A Packie Loftus, amene amakhala pabenchi ya pakhomo pa bala kuyambira ikangotsegulidwa, anaona vani ikuima pafupi n'kukweza ndodo.

“Iwe Malachy, kaimike uko chigalimoto chakocho. Ine ndangotsokomola kamodzi kokha.”

“Usade nkhawa, aise. Kapeti yako ija ikufunika wansembe, osati ine.”

Anthu anaseka, iwonso anaseka. Dzina loti Kadzidzi linayambira pabenchi pomwepo, ndipo a Malachy ankaliyankha, ati kutchuka n'kutchuka basi. Ntchito inalipo. Mabanja ena ankaimbadi foni, mwakachetechete, n'kupempha kuti vani aiimike kuseri.

Nthabwala zinatha mu Januwale. A Colm Heneghan, amene kale anali mphunzitsi wa masamu, anali atabwera kuchokera kuchipatala, ndipo ana awo anagwirizana zoti asawauze zimene dokotala ananena. Bambowo ankangoganiza kuti abwera kudzapezako mphamvu. M'mawa wina anadzikoka ndi ndodo kukatenga makalata okha, ndipo anatola kapepala kachikasu. Mwana wawo wamkazi anawapeza ataima mukhonde akuwerenga. Anamufunsa funso limodzi: “Alendo ake ati?” Kenako anakwera kuchipinda, osadzatsikanso. Anamwalira patapita masiku asanu.

A Malachy anapita kusiwa monga mwa nthawi zonse. Akuti atafika pamzere wa anamfedwa, mwana wamkazi uja anaika manja kumbuyo.

Kuchokera apo palibe anawatchulanso Kadzidzi pamaso. A Packie ankangoyang'ana m'tambula yawo. Vani ikachepetsa liwiro mumsewu, makatani ankatsekeka nyumba ndi nyumba, ndipo ndinaonapo mayi wina akuchita chizindikiro cha mtanda itamudutsa. Foni inasiya kulira. A Malachy anaganiza kuti ndi mwezi chabe, poti Januwale anthu amakhala atauma m'matumba, ndiye anawonjezera kuponya. Ndinasindikiza mtolo wachitatu. Ndinafuna kunena kanthu powapatsa, koma ndinangoti ndamanga bwino kuti asanyowe.

Mu Febuluwale chifuwa cha bambo anga chinakula, ndipo mayi anapereka dzina lawo kwa wansembe. Litatchulidwa m'tchalitchi sindinayang'ane kuguwa. Ndinayang'ana mabenchi awiri kutsogolo. Kuyambira Lolemba ndinkatsika m'mawa aliyense asanadzuke. Lachitatu ndinakapeza pachopondera, kachikasu, mawu anga ali pamwamba, pakona pali kadontho kamene makina athu amasiya papepala lililonse. Bambo, amene usiku umenewo anagona pampando wawo chifukwa cha chifuwa, anafunsa kuti kwabwera chiyani. Ndinati ndi zotsatsa za malo ogulitsa tchipisi aja. Ndinakapinda n'kukaika m'thumba la jekete, ndipo ndinayenda nako milungu yambiri, osadziwa kokataya kumene mayi sangakaone. Bambo anachira. Mpaka lero ali moyo, akukangana ndi wailesi.

Lamulungu lachiwiri la Malichi wansembe anatchula dzina la Dympna Ruane. Sitinkadziwa kuti akudwala. Ankangooneka owonda, ndipo anali atasiya kukwera nawo vani. Milomo ya a Malachy sinagwedere.

Lolemba masana anabwera kusitolo, osadzera kukauntala koma kukhomo lakuseri. Anali ndi jumbo lodzaza. Anatsanulira patebulo langa timapepala tachikasu, tina tatsopano, tina topindika, tina tothimbirira ndi tiyi. Anthu anali atatisunga. Timapepala tonseto anatiponya pakabowo ka chitseko cha a Malachy m'mawa umenewo, popanda wolembapo kanthu, popanda wogogoda. Amene anatitola ndi mayi Dympna, potsika kudzatereka ketulo.

Anandipempha kuti tichotse dzina pavani, kuti azitha kupita ndi mayi kuchipatala anthu osatseka makatani. Ndinatenga makina oumitsira tsitsi a mayi Geraghty, ndikutenthetsa zilembo, iwo akusenda ndi chikhadabo. Tinagwira ntchitoyi nthawi yaitali. Zilembo zitachoka, dzina linkaonekabe, loyera kuposa vani yonse.

“Kwanunso ndinaponya, eti?”

“Eya.”

“Bambo ako anakaona?”

“Ayi.”

Anagwedeza mutu, akumata tizidutswa ta zilembo kukhala kampira m'manja. Kenako anati mayi Dympna sanalakwire munthu. Anati palibe maliro m'parishi muno amene mayiwo sanaphikeko keke yazipatso, ndipo mbale zawo zina zikadali m'makabati a anthu mpaka pano.

“Iwe umaona zambiri, Nessa. Anthu adzabwera?”

Mawu anandithawa monga mwa masiku onse. Anadikira pang'ono, n'kulowa m'vani.

Mayi Dympna anamwalira sabata yotsatira Pasaka. Wailesi inawerenga nthawi ya naini, kuti thupi likhala kunyumba ndipo khomo likhala lotsegula kuyambira folo koloko. Bambo anga anati chifuwa sichingawalole kutuluka m'mvula. Mayi anapitiriza kutsuka kapu imodzi yomweyo. M'sitolo tsiku lonse anthu ankagula nyuzipepala n'kumakamba za mitengo ya mafuta.

Ndinaweruka hafu pasiti folo. Sindinadzere mumsewu. Ndinadutsa njira ya kumunda kwa a Tuohy, kumene ng'ombe zimamwera, ndipo pofika nsapato zinali zolemera. Panja pa nyumba panali magalimoto atatu: ya wansembe, ya aja okonza maliro, ndi ya mchemwali wa malemu wochokera ku Sligo. Munda woyandikana nawo anali atautsegula geti kuti anthu aziimikamo magalimoto, ataikanso chikwangwani cha katoni. Munali mbee.

Chitseko chinali chotsegula. Fungo la sopo wawo wochapira makapeti linandilandira ndisanalowe. Kudzera pakhomo la khitchini ndinaona mathireyi a masangweji atasanjikizana, okutidwa, ndi makapu obwereka kuholo ya parishi atandandalikidwa mizeremizere. Kapeti ya pabalaza inali yotuwira ngati mkaka, mizere ya makina ikuonekabe, yowongoka kuchokera kukhomo mpaka pabokosi. A Malachy anali ataima kumutu kwa bokosilo atavala suti, manja ali okonzeka.

Pakhomo panali chopondera chatsopano. Ndinachilumpha.

Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikuponda ndi phazi lonse, mpaka ndinawafika. Ndinawagwira chanza n'kunena kuti pepani ndi zovutazi, ndipo mawu anatuluka bwinobwino. Iwo sankayang'ana ine. Ankayang'ana kumbuyo kwanga, pamene matope a kumunda kwa a Tuohy anadinda mapazi asanu ndi awiri. Dzanja langa sanalisiye msanga.

Ndinakhala pampando wa pafupi ndi zenera, pakati pa mipando ina yambiri yopanda anthu. Mchemwali wa malemu anandipatsa tiyi. Wotchi ya pakhoma inadutsa faifi. Galimoto ikamveka kuchokera kumlatho, a Malachy ankadzutsa mutu, ikadutsa n'kuweramanso. Zinadutsa zinayi.

Yachisanu inachepetsa liwiro pageti. Sinalowe m'munda, sinapitirirenso. Inangoima pamenepo injini ikulira, zopukutira galasi zikupita uku ndi uku, ndipo tonse amene tinali m'nyumbamo tinatchera khutu, kumvetsera ngati injiniyo izime.