Ndere Zanga Zinakana Kufa ndi Njala

Sabata ino ndalandidwa kalasi ya Fomu 4 chifukwa cha chifundo cha apongozi anga. Musaseke, ine zikundiwawa.

Ndimaphunzitsa Bayoloje pasukulu ina kufupi ndi Makwasa. Ahedi anandichenjeza kuti woyendera masukulu abwera Lachinayi, ndipo akapanda kukhutira nane, kalasi yolemba mayesoyo aipereka kwa mphunzitsi wina wobwera kumene ndi digiri yake. Ndinati chabwino, aona zakuda, ndiwaonetsa chodabwitsa.

Chodabwitsacho ndi ndere. Eee, zoterera zija za m'damu la esiteti. Zina mwa izo ndi mabakiteriya olumikizana ngati mikanda. Maselo onse pamzerepo ali ndi malangizo achibadwa ofanana, koma ena mwa malangizowo amakhala otsekeredwa. Naitirojeni, yemwe uja timagula m'feteleza, akasowa m'madzi, malangizowo amatseguka. Selo limodzi mwa maselo pafupifupi khumi limakhuthala khungu, n'kuyamba kukoka naitirojeni mumpweya kuti lidyetse anzake. Limatumizanso uthenga kwa oyandikana nalo kuti, inu musasinthe, ndasenza ine. Kuyambira pamenepo siliberekanso.

Vuto n'lakuti damu lathu limamwa feteleza wokokoloka m'minda ya tiyi. Ndere zake ndi mabwana, njala siziidziwa. Ndiye ndinatunga zina n'kuziika m'beseni la madzi amvula kuseri kwa nyumba kuti zikhaule.

Patapita masiku awiri zinayamba kuchita chikasu. Mtima wanga kuti myaa! Munthu wamkulu, dikoni wampingo, kusangalala kuti chamoyo chikuvutika.

M'mawa mwake ndinazipeza zili biriwiri. Ndinasintha madzi. Mawa linalo, biriwiri kuposa dzulo. Ndinayamba kumuyang'ana ndi diso lina wa digiri uja. Koma ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Kwathu kukukhala apongozi anga aamuna, akulandira mankhwala kuchipatala. Iwowa anathira feteleza pa esiteti moyo wawo wonse, ndipo akaona tsamba lachikasu chakudya sichilowa.

Lachinayi ana anandanda pa maikulosikopu yathu imodzi ija.

"Sala, maselo onse ndi ofanana," mwana wina anandiuza.

"Yang'anitsitsa, iwe! Pali lina lokhuthala khungu."

Woyendera uja anavula magalasi, nasuzumira nthawi yaitali. "Aphunzitsi, ine ndikungoona onenepa okhaokha."

Ndinatha piriyodi yonse thukuta lili kamukamu, kusakasaka mmphawi mmodzi pakati pa okhuta. Sanapezeke. Pofika Lachisanu ndinali wa Fomu 1.

Kunyumba apongozi anandilandira akumwetulira, m'manja muli kachitsekerero ka botolo.

"Aphunzitsi, ndiwo zanu zija zachira? Ndimathiramo kachitsekerero kamodzi m'mawa uliwonse, feteleza weniweni wa yuriya. Musathokoze ayi."

Apongozi sakalipiridwa. Ndinameza malovu, n'kuwafotokozera mwaulemu kuti njalayo inali yadala, ndimafuna ana aone selo limene limadzipereka chifukwa cha anzake.

Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Ndiye mumamana banja lonse chakudya kuti muone amene asinthe ndani? Zimenezo n'zofunika makina? Ine ndinaziona ndi maso chaka cha chilala chija. Ana asanu ndi awiri, ndinatulutsa mmodzi Sitandade 7 kuti azikathyola tiyi, enawo aphunzire. Ameneyo ndiye anali wanzeru kuposa onse. Ndi uyo akukuchapirani malayayo."

Mkazi wanga sanatukule mutu. Anangopitiriza kufinya kolala.

Zaka khumi tili m'banja. Ndimadziwa kuti sukulu analekeza, koma ndinkayesa kuti inangomukanika. Alamu anga awiri ndi akalaliki, wina ndi namwino, ndipo akabwera kuno amamuseka mkazi wangayo akalakwitsa Chingerezi. Inenso ndinasekapo, ndikuvomera, ndipo manyazi andigwira.

Nderezo bola, zili ndi lamulo lake, ndipo selo lodziperekalo limaoneka msanga kwa woyang'ana. Ife kuno timamusankha mwakachetechete, makamaka mtsikana, kenaka timamutcha mbuli.

Inu mukuwerenga nyuzipepala ino mutakhala pa khonde, kwanu anasenza dengu la tiyi ndani kuti muphunzire kuwerenga? Munamufunsapo kuti iyeyo ankafuna kudzakhala ndani?