Ndodo ya mawilo ya atate

Atate anafa maso atakalamba, miyendo nayo itayamba kunjenjemela. Anabwela kuno ku Kalindawalo pothawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo anzao atabwelela iwo anatsala, namalima thonje ndi mtedza.

Mng'ono wanga wa ku Lusaka anawatumizila pa basi ndodo ya mawilo, yochaja ku sola. Munthu unkangogwila, yokha n'kumakutsogolela, kulambalala dzenje, chitsa, ngakhale mbuzi. Ine ndinakondwa, sindinama, chifukwa tsopano ankapita okha kukacheza kuchigayo, ine ndili kumunda.

Koma ankabwelako ali duu. Tsiku lina masana, ndikusenda mtedza pakhonde, anati, "Mwana wanga, undipelekeze kwathu. Kuno anthu atopa nane."

"Atate, wakuuzani ndani zimenezo?"

"Mapazi ndimawamva m'njila, koma moni palibe. Mlendo ndi mlendo basi."

Mtima unandiwawa kwambili. Munthu amene anakumba nao manda a m'mudzi muno, lelo akafele kumene kulibe womudziwa?

M'mawa mwake ndinawatsata chapatali. Amai ena oyandikana nafe, akuchokela kumjigo, anapatukila mu udzu, natula ndowa, nagwada, n'kuomba m'manja mosamveka. Bambo wina anatsika panjinga, navula chipewa, naima chilili pakamwa ali tseke. Atate anadutsa pakati pao mutu uli pansi. Ha! Ulemu wonsewo kumpatsa munthu wosaona, popanda ndi liu lomwe!

Ndinawafikila amai aja. "Amai, pakamwa mwasoka?"

Anandiyankha monong'ona. "Aka, tiopa kusokoneza makina. Akuti amamva mau, ndiye tikalankhula angawagwetsele m'dzenje."

Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulila. "Makinawa alibe makutu! Atate, taimani!"

Atate anaima. Amai aja anayandikila akali ndi mantha, maso ali pandodo, nakweza mau ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo. "Mwauka bwanji, bambo?"

Atate anasiya ndodo, natambasula dzanja. Atagwila la amai aja sanalitaye. Anafunsa za ana, za ng'ombe imene inkadwala, za mwana wao wamkazi wokwatiwa ku Nyimba. Bambo wa njinga uja anabwelanso, akupepesa. Ndowa ya madzi inangokhala mu udzu.

Kenaka atate anatembenukila kumene kunali mau anga, misozi ikutsika m'maso akufa aja.

"Kodi masiku onsewa anthuwa anali pompano?"

"Anali pompano, atate. Ankagwada."