Mfuti Yopanda Mphini

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, nthiti zikuwawa chifukwa chogona pa chiguduli pansi pa mtengo wa masau. Amayi a kwaya m'nyumba ya siwa anali atasasa mawu, nyimbo ikungoyenda chokwawa. Amuna ambiri anali akadali m'tulo mozungulira zitsa zimene zinanyeka usiku wonse. Kwathu kuno kwa Mlolo, mwezi wa Okutobala moto sitiwotha, timangosonkha kuti utsi uthamangitse udzudzu. Ine tulo sindinatione kwenikweni. Imfa ya achimwene inandiwawa, inde, koma anadwala nthawi yaitali ndipo mtima unali utavomera kale. Chimene chinkandidya ndi mfuti imene anaitsamiritsa pakhoma, kumutu kwa bokosi.

Achimwene anali wosula zitsulo. Ankasula makasu ndi nkhwangwa, koma dzina lawo linamveka mpaka kwa Chapananga chifukwa cha gogodela, mfuti zothira wonga kukamwa n'kutsindira ndi kachitsulo. Alimi ankazifuna kuti aziopsezera mvuu kumadimba, ndipo aliyense ankabisa yake kudenga. Ine ndinawavukutira moto zaka zambirimbiri, moti mfuti yabwino ndi yoipa ndimaidziwa. Mpope wabwino ankauchotsa ku chiwongolero cha galimoto zakale, chitsulo chopanda msoko. Ukachigogoda ndi msomali chimalira nthawi yaitali. Paipi yamadzi ili ndi msoko m'kati, ukaigogoda imangoti phwa. Mfuti ikatha ankaimangirira ku mtengo wa masau womwewu n'kuikoka ndi chingwe ali kutali, katatu. Ikapirira, ankatema mphini zitatu pa mtengo wake wa kuphewa. Yopanda mphini sinkatuluka pakhomo pawo, ngakhale ubwere ndi ng'ombe.

Kumayambiriro kwa chaka chino, maso atachita ng'ala ndipo manja akunjenjemera, anandituma kuti ndikawapezere chitsulo. Ankafuna kusula mfuti yomaliza ya mwana wawo woyamba, Zuze, amene amagwira ntchito ku minda ya nzimbe ku Nchalo. Ndinayenda ku Bangula, ndinayenda ku Nchalo, chitsulo chotere osachipeza. Dzuwa linandiwamba, ndinatopa, ndinakwiya. Ndinatola paipi yamadzi kwa ogulitsa zitsulo zakutha, ndinaipala, ndinaidetsa pamoto, n'kukawauza kuti ndi ya chiwongolero. Mumtima ndinkati munthu wodwala chonchi sangaimalize, angofuna chogwiragwira. Kalanga ine, anaimaliza. Anaisemera mtengo wa mlombwa, anaikhomera misomali yamkuwa, anaipaka mafuta a nsatsi mpaka kunyezimira. Sanasulepo yokongola ngati imeneyo.

Pa mwambo wathu, wosula mfuti akamwalira, mwana wake wamkulu amaomba mfuti kamodzi kumanda, thupi likangotsikira m'dzenje. Zuze atangofika ananena kuti adzaomba imene bambo ake anamusulira.

Kutacha, amayi anayamba kusonkha moto kuseri kwa khola. Ena ankabwera ndi mitolo ya nkhuni, ena ndi malichero a ufa wa mapira pamutu. Mbuzi ziwiri zinaphedwa. Adzukulu anali atapita kale kukakumba dzuwa lisanakwere, popeza dothi la kumtunda nthawi ino limauma gwa. Anthu anayamba kufika, ena pa kabaza, ena pa njinga zamoto atakwera atatuatatu, ena atawoloka Shire pa bwato, mathalauza atawapinda mpaka m'mawondo. Ankapepesa m'Chimang'anja ndi m'Chisena, ine n'kumangovomera ndi mutu.

Amuna achikulire anapempha kuti aione mfutiyo. Zuze anaitulutsa, inayenda dzanja ndi dzanja. Wina ankasisita mlombwa, wina ankawerenga misomali yamkuwa, wina anati iyi ng'ombe imodzi siikwana. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anagogoda mpope. Anthu amenewa mfuti akhala nazo moyo wawo wonse, koma kunyezimira kunawatseka m'maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Itafika kwa ine ndinaitembenuza, ndipo ndinapeza kuti mphini palibe. Ndinaganiza kuti matenda anawagwetsa achimwene asanaiyese.

Panali mkulu wina wa ku dambo, wowonda, amene anakhala payekha ndi chinthu chokulunga m'thumba la fetereza. Iye sanaiyamikire. Anangoiyeza kulemera m'manja, anandiyang'ana, n'kuipereka kwa wina.

Ndinamuitanira Zuze pambali. Ndinayamba mozungulira, kuti mfuti yatsopano siidziwika mtima wake, bwanji tibwereke yakale. Anandimvetsera mwaulemu, maso ali ofiira ndi kulira, kenako anati, "Bambo aang'ono, mfutiyi anasulira ine. Kapena mukuifuna ndinu?" Mawuwo anandilasa. Apa m'pamene ndikanaulula, koma sindinatero. Ndine munthu wa mkamwa, mudzi wonse umandidziwa, koma tsiku limenelo ndinachita mantha ngati mwana. Ndinkaopa kutchedwa wonamiza wakhungu pa maliro ake omwe. Ndinamuona akuthira wonga kuseri kwa nyumba, ndipo sanaumire. Ankafuna kuti imveke mpaka kutsidya.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Kunalibe ndi kamtambo komwe, mphepo yotentha ikuwomba fumbi m'maso. Manda athu ali kumtunda, kumene madzi osefukira safika, ndiye ulendo wake ndi wautali ndithu. Amuna ankalandizana bokosi, amayi akuimba pambuyo. Alamu anga, amayi a Zuze, ankayenda atawagwira mbali zonse. Zuze anali patsogolo panga, mfuti ili paphewa. Njira yonse ine ndinkangoyang'ana dzanja lake lamanzere, limene amadyetsera ana ake anayi, ndipo ndinkadziwa pamene likagwire.

Kumanda a mpingo anachita mbali yawo. Bokosi linatsika. Akulu a mpingo anasunthira kumbuyo n'kumayang'ana kwina, monga amachitira pa zinthu zotere. Zuze anaima kumutu kwa dzenje, anakweza mfuti kuloza kumwamba, tsaya ataligunditsa ku mlombwa, dzanja lamanzere litafumbata mpope.

Sindikudziwa kuti ndinadumpha bwanji mulu wa dothi uja. Ndinangozindikira ndagwira mkono wake. Anthu anang'ung'udza, wina anakuwa kuti mdalayo waledzera.

"Mpope uwu ndi paipi yamadzi," ndinatero mokweza. "Ndinabwera nayo ndine, ndinawanamiza achimwene. Onani, ilibe mphini. Muimange pamtengo."

Zuze anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Anafuna kundikankha, koma mkulu wa ku dambo uja anabwera, anatulutsa mpeni, anagogoda mpope ndi msana wa mpeniwo. Unangoti phwa. Amuna aja amene ankaiyamikira mmawa anaweramitsa mitu.

Anaimangirira ku mtengo wa m'mphepete mwa manda ndi luzi, adzukulu anapereka chingwe chimene anatsitsira bokosi. Anthu anasunthira kutali. Anakoka yekha Zuze. Sinalire ngati mfuti, inaphulika. Utsi utatha tinaona mpope utang'ambika motsata msoko ngati khoko la nthochi, pamalo penipeni pamene panali dzanja lake. Chidutswa china chinalowa mumtengo. Amayi anayamba kulira mwatsopano. Zuze anakhala pansi, akuyang'ana zala zake.

Kenako mkulu uja anamasula thumba lake la fetereza. Munali gogodela yakale, yakuda bii, mtengo wake utamangidwa ndi mphira pamene unasweka. Pamsika palibe akanaiyang'ana kawiri. Anati achimwene anamusulira iye asanakwatire, ndipo anamuonetsa Zuze mphini zitatu zimene zinali zitatsala pang'ono kufufutika ndi thukuta. Zuze anaimirira, anaomba. Inalira bwino, mawu ake anakabwerera kutsidya kwa mtsinje. Adzukulu anayamba kukwirira.

Pobwerera palibe amene anayenda pafupi nane. Kunyumba anthu anasamba m'manja, anadya, anayamba kubalalika kuti awoloke kusanade. Chakudya changa anandiikira, koma sindinachikhudze. Zuze anadutsa pamene ndinakhala osandilankhula, ndipo sindikumuimba mlandu.

Dzuwa likulowa, pakhomo panatsala achibale ochepa. Moto unali utazima, nkhuku zikutola zotsala pamene panaphikidwa. Ndinapita ku chisakasa chosulira. Mvukuto unali pomwe ankausiya, nyundo ili pa chitsulo. Alamu anandipeza kumeneko, anakhala pansi pakhomo, chitenje atafunda kumutu. Ndinayamba kupepesa kuti ndinanamiza munthu wosaona, koma anandidula.

"Alamu, maso okha ndi amene anafa, makutu ayi. Tsiku lomwe munabwera nacho chitsulocho, mutangochoka, anachigogoda. Anadziwa."

Ndinafunsa chifukwa chimene anaimalizira, nanga bwanji sanandikalipire monga ankachitira kale.

"Anati manja awo asangokhala, koma mphini satema. Anati mng'ono wanga adzabwera yekha kudzandiuza, tidzachotsa mpopewo, tidzaika wabwino. Ine za zitsulo sindizidziwa, ndinkayesa yangochepa mphamvu, sindinadziwe kuti ingaphe mwana. Mukamabwera kudzawazonda, mukamatsanzika, ankakhala chete kaye kudikira."

Ndinakumbukira. Miyezi isanu ndi itatu ndinkabwera Lamlungu lililonse, ndipo ndikati ndapita, achimwene ankatembenuzira nkhope kwa ine n'kufunsa kuti, "Basi, palibenso china?" Ine ndinkayankha kuti palibe.

Alamu anadzuka n'kukalowa m'nyumba. Ine ndinatsala pa chitsa chimene ndinkakhalira povukuta, mpaka udzudzu unayamba kuluma.