Dzanja la Bambo a Esinati

Chizindikiro choyamba chinali kapu. Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, zaka zija othawa nkhondo ku Mozambiki anadzaza m'midzi ya ku Milonde. Amuna anga, bambo a Esinati, kapitawo wa othyola tiyi, anagwetsa kapu, pakamwa pawo n'kupotokera kumanzere. Ine ndinawakalipira kuti ayambiranso kachasu. Anayesa kuyankha, lilime linakana.

Ndinawasiya pamphasa masiku awiri ndili wokwiya. Pofika Lachinayi dzanja lamanja ndi mwendo zinali zitaferatu. Alamu anga anawanyamula panjinga kukafika kumsewu, ine ndikuthamanga pambuyo ndi makhadi a chipani, poti popanda khadi basi sunkakwera.

Kuchipatala cha mishoni tinadikira pabenchi mpaka masana. Anesi atawayeza kuthamanga kwa magazi anandifunsa, “Zayamba liti, mayi?” Ndinati dzulo. Ndinanama, amuna anga akumva.

Anati ndi sitiroko, ndipo anawagoneka masabata atatu. M'mawa mapiritsi, kenako kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, masana ife odwazika kukaphika panja.

Titabwerera kumudzi ndinafuna kufafaniza mlandu wanga. Ndinkawadyetsa, kuwasambitsa, kuwaveka. Dzanja lodwalalo ndinalimangirira pachifuwa ndi chitenje kuti lipume. Patatha miyezi iwiri zala zinapindika, zosawongokanso.

Titapitanso kuchipatala, adokotala ataliona dzanjalo anandifunsa ngati ndimawachitira zonse. Ndinavomera monyadira.

“Ndiye mukuwapweteka,” anatero mofatsa. “Mu ubongo muli tizigawo ting'onoting'ono totchedwa timaselo, ndipo kalikonse kamasunga malangizo amene munthu anabadwa nawo. Ena mwa malangizowo amatseguka pokhapokha kaseloko kakamagwira ntchito, ndipo ndi amene amathandiza ubongo kulambula njira zatsopano m'malo mwa zowonongeka. Dzanja likangokhala, ubongo sumva kuti likufunika.”

Ndinatuluka mutu uli pansi. Ndinali nditawalakwira kawiri, poyamba ndi mkwiyo, kenako ndi chisoni.

Tsiku lomwelo ndinamasula chitenje chija. M'mawa uliwonse ndinkawaikira nandolo m'lichero kuti azitola mmodzimmodzi n'kuponya m'mbale. Sabata yoyamba sanatole ngakhale mmodzi. Ankatuluka thukuta, akundiyang'ana kuti ndiwathandize, ine ndinkapita kuseri kwa nyumba kukalira. Mwezi wachitatu anakweza okha supuni kufika pakamwa, theka la phala likutayikira pamalaya.

Ku ntchito ku esiteti ya tiyi sanabwererenso. Lero amayenda ndi ndodo, amapalira chinanazi pang'onopang'ono, ndipo mapiritsi a magazi sadumphitsa. Zala ziwiri sizinawongoke. Adokotala sananenepo kuti ndi chifukwa cha kuchedwa kwanga, nawonso bambo a Esinati sananditchulirepo, koma ine ndimaziona tsiku ndi tsiku.

Mukaona pakamwa pa munthu papotoka, mawu akulemera kapena dzanja lafooka, musayambe mwamuweruza. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anesi akafunsa kuti zayamba liti, muwauze zoona.