Mwala wa a Chisale

Tinanyamuka kumudzi kwa mkazi wanga, kuseri kwa Bembeke, dzuwa lisanaboole chifunga. Unali mwezi wa Juni, zala zosafuna kupindika. Pikapu inali ya a Chisale, malume a mkazi wanga, ndipo inadzaza matumba a mbatata ya kachewere opita kumsika wa Linthipe. Kutsogolo kunakhala a Chisale ndi mlongo wawo a Nachisale, apongozi anga, amene ankapita kukaona chidzukulu chobadwa kumene. Ine mkamwini malo anga anali pamwamba pa matumba, pamodzi ndi amayi awiri a kabichi amene analipira zikwi zitatu aliyense kuti mphepo iwawombe bwino.

Galimotoyi batire yake inafa kalekale, kotero imalira pokhapokha anthu aikankhe. Tisanakankhe, a Chisale anachotsa mwala waukulu wathyathyathya umene unali pansi pa tayala, n'kuuponya kumbuyo kumene tinakhala ife. Ine ndisanakwatire ndinayendetsapo minibasi ku Lilongwe, ndiye maso anga sanachedwe kuona vuto. Handibuleki ankaikoka mpaka kuloza kudenga, koma inkagwira mwaulesi.

"Malume," ndinatero ndi mawu otsika, "handibulekiyi waya wake wangokhwepa. Pali nati imodzi pansipa. Kungoimanga basi, tiyi asanazizire tatha."

"Bambo a Tadala," anayankha osandiyang'ana, "kuno munabwera kudzalima kapena kudzaphunzitsa anthu galimoto? Mwalawu sunandigwiritsepo fuwa lamoto."

Amayi a kabichi aja anaseka. Ine ndinameza mate, poti amati mkamwini asamakule mwendo. Tinakankha, injini inatsokomola, ulendo unayambika.

Msewu wa kwathuko ndi wafumbi, wokwera ndi kutsika ngati wina anaupinda dala. Tinadutsa minda ya kachewere, anthu akukumba ndi zipewa zaubweya kumutu, ndi ana asukulu othamanga manja ali m'khwapa. Dzuwa litayamba kufunda tinafika pachitunda china chimene kumunsi kwake kuli kamlatho kamatabwa, ndipo pansi pa kamlathoko pali phompho la miyala yokhayokha. Titawoloka kamlathoko n'kuyamba kukwera, pakati penipeni pa chitundacho tinapeza masamba atayalidwa mumsewu. Panali maliro.

A Chisale anafunsa munthu wina wokankha njinga, ndipo anamva kuti womwalirayo anali mnzawo wopemphera naye mumphakati umodzi. Kudutsa osapepesa kukanakhala kunyoza. Izo sindikutsutsa. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mmene anaimikira galimoto. Injini sakanaizimitsa chifukwa cha batire ija, choncho giya anaichotsa. Anakoka handibuleki yawo yaulesi, anaika mwala kumbuyo kwa tayala, anavula chipewa, n'kulowera kusiwa. Apongozi anatsala m'galimoto chifukwa mawondo amawavuta. Ine ndinatsika n'kukaima chapatali kumbali yawoyo, nditawapatsa msana monga mwa ulemu.

Pamaliro amayi amafuna mafuwa ambiri, poti miphika yake ndi ikuluikulu. Mayi wina ankayenda m'mbali mwa msewu akufunafuna miyala, ndipo kwa iye uja unali mwala wabwino umene unangokhala pafupi ndi galimoto. Anaugogoda ndi chikuni, anaukoka, nauika pamutu. Ndani angamudzudzule? Nthawi yomweyo amayi a kabichi aja ankatsika kuti nawonso akapepese, galimoto n'kugwedezeka.

Ndinamva mayi wina akukuwa kuti, "Mayo, ikupita!" Potembenuka ndinaona pikapu ikubwerera chammbuyo, poyamba pang'onopang'ono, kenaka ikuwonjeza liwiro kulunjika kukamlatho kaja. Apongozi anali atagwira mpando ndi manja awiri, pakamwa pali yasa.

Ndinathamanga. Chitseko cha dalaivala chinali tsidya linalo, ndipo nthawi yozungulira panalibe. Ndinatsegula cha apongozi, ndinadziponya chafufumimba pamiyendo pawo, mutu pansi pa chiwongolero, n'kukanikiza buleki ya phazi ndi manja onse awiri. Miyendo yanga inkakwekwereka panja. Galimoto inalira matayala, matumba awiri anagwa, kenaka inaima. Anyamata a kumanda anathamanga ndi zipika kudzatchinga matayala. Nditadzuka ndinaona kuti kamlatho kaja kanali pafupi moti mukanaponya mbatata ikanagwera m'phompho. Bondo langa linali magazi okhaokha.

Mukuganiza a Chisale anati chiyani? Anayamba ndi mayi wa mafuwa uja.

"Inu mayi, mwala wa eni mumangotola?"

"Pepani bambo," anayankha mayiyo, "sindimadziwa kuti ndi wa galimoto."

Kenaka anatembenukira kwa ine, nkhope ili gwa.

"Ndipo inu, kugona pamiyendo pa apongozi anu pamaso pa anthu onsewa? Pamaliro? Nkhani imeneyi tikaikamba kumudzi. Mukonzeretu nkhuku."

Nkhuku! Munthu watsala pang'ono kupha mlongo wake wabere limodzi chifukwa cha nati imodzi, koma mlandu ukhale wa ine amene ndasupuka bondo. Ndinayang'ana apongozi. Anali atafunda chitenje kumutu, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa ukali wa malume. Ndinaganiza kuti ukwati wanga watha pachitunda pomwepo.

Tinatsika pang'onopang'ono mpaka pamphambano ya Bembeke, pamene msewu wathu umakumana ndi wa tala. Apa fungo la chipisi ndi chimanga chootcha linali ponseponse, ogulitsa karoti ndi kabichi akuthamangira basi iliyonse. A Chisale atangoima kuti agule ndudu, ine ndinatsika n'kukhala pansi patsogolo pa galimoto.

"Malume, nkhukuyo ndikapereka. Koma galimotoyi sichoka pano ndi apongozi anga mpaka handibuleki itagwira. Mukafuna, mundiponde."

Anthu anayamba kusonkhana, ndipo a Chisale saopa phompho koma amaopa manyazi. Anangoti, "Chitani zanuzo," n'kupita kukamwa tiyi.

M'galimoto monse munalibe sipanala, munali pulayala ndi mawaya basi. Ndinabwereka sipanala kwa mkulu wina wokonza njinga, amene anandifunsa kuti, "Bondolo mwamenyana ndi ndani, achimwene?" Ndinamuyankha kuti ndi ulemu, iye n'kuseka osamvetsa. Titatchinga matayala akutsogolo, ndinatsitsa handibuleki, ndinakweza kumbuyo ndi jeke, n'kukwawira pansi. Pamene waya wochokera kutsogolo amagawikana kupita kumatayala awiri akumbuyo, pali nati. Inali yadzimbiri koma yamoyo. Ndinaidonthezera oyilo, n'kuyamba kumanga pang'onopang'ono, ndikutuluka kukayesa. Ukamangitsa, mabuleki amakhula ukuyenda, ndiye ndinkazunguza matayala ndi dzanja kuti ndione ngati akuyenda momasuka. Pomaliza ndinakoka handibuleki, inalira kangapo n'kulimba isanafike n'pakati pomwe. Amuna anayi anakankha galimoto, osasuntha. A Chisale pobwera anali asanamalize n'komwe kutafuna mandasi awo.

Tinadutsa Dedza boma phiri litavala mtambo kumutu. Kuchokera apo msewu umatsetsereka, mphepo imayamba kufunda, koma ine mtima sunafunde. Njira yonse ndinkangowerenga magalimoto oima m'mbali mwa msewu ndi miyala kumatayala, malole, maminibasi, ngakhale ina yonyamula ana asukulu. Tinazolowera zoipa mpaka tikuziyesa nzeru.

Ku Linthipe tinafika masana, msika uli piringupiringu. Mavenda anazungulira matumba, ndipo ndinamva a Chisale akuuza mnzawo wina kuti galimoto yawo ndi yakale koma amaisamala, aone yekha mmene handibuleki ikugwirira. Ndinaluma mlomo.

Ndinatsitsa kathumba ka ufa ka apongozi n'kukaika pambali, kenaka ndinanjuta chapatali kudikira kuti atsike. Anatsika movutikira, atagwira chitseko. Sanapite kumene kunali mlongo wawo. Anabwera molunjika kwa ine, anachotsa chitenje kumutu, nandiyang'ana m'maso.

"Bambo a Tadala, nkhuku simupereka. Ine ndikakamba nawo."

"Zikomo, amayi."

"Musathokoze. M'mawa muja ndinakumvani mukunena za natiyo, ndipo ndinakuonaninso mukukhala chete. Ulendo wina mukaona choipa, muzikuwa. Ulemu wanuwo ukanandiika m'manda lero."